Opaleshoni ya glaucoma imateteza kuona kumene kwatsala

Anthu ambiri a m'chigwa cha Bwanje amaidziwa ng'ala. Amadziwanso kuti agogo amene diso lawo layera, akapita ku opaleshoni amabwerako akuona. N'chifukwa chake opaleshoni ya maso imamveka ngati lonjezo lakuti khungu litha. Koma pali nthenda ina ya maso, yotchedwa glaucoma, imene opaleshoni yake siibweza kuona kumene kwatayika. Imangoteteza kumene kwatsala. Nthendayi ndiyo ili patsogolo padziko lonse pochititsa khungu losachiritsika, ndipo anthu akuda imawayamba msanga ndi kuwawononga mofulumira kuposa anthu a mitundu ina. Choncho si nkhani ya okalamba okha ayi. Imakhudzanso abambo ndi amayi a zaka za m'ma 20, 30 ndi 40.

Chimene chimachitika m'diso

Mlimi wa mpunga wa pa sikimu ya Bwanje amadziwa kuti madzi ochokera mumtsinje wa Namikokwe akalowa m'munda amafunika potulukira, ndipo ngalande ikatsekeka madzi amadzadza ndi kugumula mizere. M'diso namonso muli madzi, osiyana ndi misozi, amene amapangidwa usana ndi usiku ndipo amatulukira m'tinjira ting'onoting'ono. Tinjirati tikayamba kutsekeka, madzi amapanikiza diso kuchokera m'kati. Kwa anthu ambiri muyezo wa kupanikizaku umakhala pakati pa 10 ndi 21. Ukakwera, umawononga pang'onopang'ono mtsempha umene umanyamula zimene diso laona kupita nazo ku ubongo, ndipo mtsempha umenewu ukafa suphukanso.

Kuopsa kwa nthendayi n'kwakuti kawirikawiri siipweteka ndipo diso limaoneka labwinobwino, monga chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Kuona kumayamba kutha m'mbali. Wakabaza wa pa Golomoti atha kumawerenga bwino uthenga pafoni, koma osaona mwana kapena mbuzi yotulukira m'mbali mwa msewu wa M5. Pofika nthawi imene munthu wazindikira kuti china chake chalakwika, gawo lalikulu la mtsempha uja limakhala litafa kale.

Glaucoma imayenda m'magazi: amene kholo kapena m'bale wake wa bere limodzi ali nayo ali pachiopsezo chachikulu. Kwa achinyamata ithanso kuyamba diso likavulala, ngakhale patapita zaka, kapena munthu akamadontheza kwa nthawi yaitali mankhwala a m'gulu la steroid popanda uphungu wa kuchipatala.

Chifukwa chake madokotala amasankha opaleshoni

Njira zonse zothandizira glaucoma zili ndi cholinga chimodzi, chotsitsa kupanikiza kwa madzi m'diso. Yoyamba ndi mankhwala odontheza, monga timolol, amene amafunika tsiku lililonse moyo wonse. Kwa munthu wa zaka 30, zimenezi zitha kutanthauza zaka 40 za kudontheza mosadukiza, ndipo botolo likatha kapena ndalama ya ulendo ikasowa, nthenda imapitiriza ntchito yake mwakachetechete. Yachiwiri ndi kuwala kwa laser. Kafukufuku wa pachipatala cha KCMC ku Moshi m'dziko la Tanzania, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2021, anapeza kuti pakutha pa chaka laser inathandiza maso ambiri kuposa timolol, koma makina ake sapezeka paliponse.

Yachitatu ndi opaleshoni yotchedwa trabeculectomy, imene dokotala John Cairns wa ku Cambridge anaifotokoza mu 1968. Dokotala amatsegula kanjira katsopano pamwamba pa diso, pamalo obisika ndi chikope, kuti madzi azitulukira pamenepo. Diso salichotsa m'malo mwake, monga ena amaopera. Kawirikawiri wodwala amangobayidwa mankhwala ochititsa dzanzi, ntchito imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo amachita diso limodzi panthawi. Kwa wachinyamata amene muyezo wake wakwera kwambiri, kapena amene mankhwala sakumuthandiza mokwanira, iyi ndiyo njira imene ingatsitse muyezo kwa zaka zambiri.

Apa ndi pamene ambiri amazengereza. Munthu amene akulima ndi kuwerenga bwinobwino saona chifukwa chopitira ku opaleshoni, ndipo amati adikire mpaka zitavuta. Komatu nthawi yabwino ya opaleshoniyi ndi imene munthu akadaona. Diso limene lachita kale khungu, palibe dokotala angalitsegule.

Opaleshoni ili ndi zovuta zake. Kwa masabata angapo diso limaona mwachimbuuzi, muyezo utha kutsika mopitirira, ng'ala itha kubwera msanga, ndipo nthawi zina majeremusi amalowa. Vuto lalikulu kwa achinyamata ndi lodabwitsa: thupi lawo limapola msanga, ndipo chipsera chitha kutseka kanjira katsopano kaja. N'chifukwa chake madokotala amapaka mankhwala monga mitomycin C pa opaleshoni, ndipo amafuna kuona wodwala kangapo m'masabata oyamba, kuti amasule ulusi kapena asinthe mankhwala kanjirako kasanatsekeke. Kujomba ku sikelo ya masoyi ndi kutaya phindu la opaleshoni yonse.

Akatuluka m'chipatala, wodwala apewe kunyamula katundu wolemera, kuwerama nthawi yaitali, fumbi la popuntha mpunga, utsi, ndi kusambira m'nyanja kapena mumtsinje, mpaka dokotala atamulola. Asathire m'diso mankhwala azitsamba. Diso likafiira kwambiri, kupweteka kapena kutuluka mafinya, ngakhale patapita zaka, apite kuchipatala tsiku lomwelo.

Koyambira ndi udindo wa mudzi

Glaucoma siidziwika ndi kuwerenga zilembo pakhoma kokha. Pamafunika kuyeza muyezo wa diso ndi kuunika mtsempha. Anthu a ku Golomoti, Mtakataka ndi Mua atha kuyambira pachipatala chimene ali nacho pafupi, kuphatikizapo cha mishoni cha Mua, ndi kupempha kuwatumiza kwa odziwa za maso pachipatala cha boma la Dedza. Ofunika opaleshoni amatumizidwa kumene kuli madokotala a maso, monga ku chipatala cha maso cha Lions pa Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Nkhoma. Amene apezeka ndi nthendayi auze abale ake ndi ana ake kuti nawonso akayezedwe.

Chimene chimalepheretsa ambiri ndi ulendo wokwera zitunda kupita ku Dedza kapena ku Lilongwe kangapo, komanso munda wotsala wopanda woulima. Apa mafumu, makomiti a chitukuko a VDC ndi ADC, mipingo, mizikiti ndi magulu a banki m'khonde angathandize: kusonkha ya ulendo, kugwirira wodwala ntchito ya kumunda kwa masabata ochepa, ndi kuitana alangizi a zaumoyo kuti akambe za nthendayi pamisonkhano, makamaka m'mwezi wa March pamene dziko lonse limakumbukira sabata ya glaucoma. Ndalama ya maulendo ochepa amenewa ndi yaing'ono poyerekeza ndi banja limene mutu wake wachita khungu pa zaka 35, mwana nkusiya sukulu kuti azimugwira dzanja.