Kusuta fodya ndi kunenepa pakati pa amuna a Chilatino

Alatino ndi anthu okhala ku United States amene makolo awo anachokera kumayiko a ku Latin America monga Mexico, Cuba ndi Dominican Republic, komanso pachilumba cha Puerto Rico. Kalembera wa mu 2020 anapeza kuti analipo oposa 62 miliyoni. Pakati pa amuna a gulu limeneli, kusuta fodya ndi kunenepa kwambiri ndi mavuto awiri amene amayendera limodzi, chifukwa mantha a kunenepa amalepheretsa ena kusiya fodya.

Kuchuluka kwa osuta

Kafukufuku wotchedwa Hispanic Community Health Study/Study of Latinos anayeza anthu oposa 16,000 ku Bronx, Chicago, Miami ndi San Diego kuyambira 2008 mpaka 2011. Anapeza kuti kusuta kumasiyana malinga ndi komwe munthu anachokera. Pa amuna 100 aliwonse a ku Puerto Rico, pafupifupi 35 ankasuta. Pa a ku Cuba anali pafupifupi 31, pomwe pa a ku Dominican Republic anali pafupifupi 11 okha. Kafukufuku yemweyu anapezanso kuti mwamuna mmodzi mwa atatu aliwonse anali wonenepa kwambiri.

Zimene nikotini imachita m'thupi

Nikotini wa mu fodya amachepetsa chilakolako cha chakudya ndipo amachititsa thupi kugwiritsa ntchito mphamvu mofulumirirapo. N'chifukwa chake anthu osuta amakhala opepukirako poyerekeza ndi osasuta. Munthu akasiya fodya amayamba kumva njala kwambiri ndipo chakudya chimamukomera. Ambiri amawonjezera makilogalamu 4 mpaka 5 m'chaka choyamba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira.

Komabe, kupepuka kwa wosuta n'konyenga. Fodya amachititsa mafuta kuunjikana m'mimba, pafupi ndi chiwindi ndi matumbo, ndipo mafuta amenewa ndi oopsa kuposa a pansi pa khungu. Lipoti la 2014 la mkulu wa zaumoyo ku United States linati osuta ali pachiopsezo chachikulu chodwala matenda a shuga, ndi 30 mpaka 40 peresenti kuposa osasuta. Matendawa ndi ofala kale pakati pa Alatino.

Mmene amuna amaonera matupi awo

Kale makampani a fodya ankakopa akazi ndi lonjezo la thupi lochepa, monga mmene ndudu za Lucky Strike zinkatsatsidwira kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Izi zinachititsa kuti nkhawa ya kunenepa izioneka ngati ya akazi okha. Koma amuna nawonso amadera nkhawa maonekedwe awo. Ambiri safuna kuonda, koma thupi lojintcha lopanda chimimba. Khalidwe lotchedwa machismo m'Chisipanishi, limene limati mwamuna weniweni sadandaula, lingachititse kuti nkhawa zoterezi zisanenedwe ngakhale kwa dokotala.

Kusiya fodya

Madokotala amagwirizana kuti phindu la kusiya fodya limaposa kuipa kwa makilogalamu ochepa owonjezerawo. Chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika ngakhale munthu atanenepako. Kuyenda ndawala, kuchepetsa zakumwa zotsekemera, komanso chingamu kapena zomata pakhungu zokhala ndi nikotini zimathandiza kuti thupi lisakwere msanga. Ku United States kuli uphungu waulere wa patelefoni m'Chisipanishi wothandiza ofuna kusiya.