Kamera ya agogo yachita chuku? Musathamangire kudzala

Ku Mulanje chinyezi sichisewera. Chiperoni chikakhazikika mu June ndi July, ngakhale nsapato zimachita chuku m'kabati, nanji kamera ya filimu imene yagona m'sutikesi ya agogo kuyambira m'ma 1980! Chukucho chikakhalitsa chimadya magalasi a lenzi, n'kusiya timizere tonga ukonde wa kangaude tosachoka ngakhale mupukute chotani.

Koma magalasi akafa, shatala nthawi zambiri imakhala ikadali moyo. Pa kamera ngati Yashica-Mat, shatala ya Copal imakhala pakati pa magalasi akutsogolo ndi akumbuyo. Ndi timasamba tachitsulo topyapyala, totsegula kuwala n'kutseka mwachangu mpaka 1/500 ya sekondi. Kuti muipeze, mumamatula kachikopa kakutsogolo, kumasula timasikuluwu, kupotokola magalasiwo ngati chitsekerero cha botolo, kenako mphete yoigwira kumbuyo.

Apa m'pofunika kuugwira mtima. Jambulani ndi foni chilichonse musanachimasule. Timasambato musatikhudze ndi chala, ndipo mafuta a makina osokera, chonde ayi, amatimata.

Shatala imeneyi ingadzutse kamera inzake yamtundu womwewo imene magalasi ake ali bwino, mukajambulire phiri pa Chitakale. Filimu yake ya 120 ndiyo mudzachita kuitanitsa, mwina ku Joni.