Musanathire madzi m'thanki, yang'anani miyendo

Anthu a ku Ulaya ndi ku America akhala akuweta mbuna za m'nyanja yathu m'mathanki agalasi kwa zaka zambiri. Malemu Stuart Grant anayamba kutumiza nsombazi kunja kuchokera ku Salima m'zaka za m'ma 1970. Masiku ano ena a ife tayambanso kuziweta m'nyumba, ndipo inenso ndili ndi thanki yanga pabalaza. Obwera kudzandifunsa nzeru amayamba ndi za chakudya cha nsomba kapena pampu. Ine ndimawafunsa kaye kuti: kodi pansi pa nyumba yanu mpofanana ponseponse?

Tiwerengere limodzi. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi. Thanki yotalika masentimita 120, mulifupi 45, msinkhu 45 imalowa malita oposa 240. Onjezanipo galasi lenilenilo, mchenga ndi miyala, poti mbuna sizikhala popanda miyala yobisalamo. Mwadutsa makilogalamu 300, ofanana ndi matumba 6 a chimanga. Katundu yenseyo akhala pa miyendo inayi ya sitandi usana ndi usiku, chaka ndi chaka.

Tsono nyumba zathu zambiri simenti yake anasalaza ndi manja. Amisiri ena amapendeketsa dala pansi pang'ono kuloza kukhomo kuti madzi okolopera azituluka, ndipo sindiwadzudzula. Matailosi nawo amasiyana, ina yatukuka, inzake yalowa. Sitandi imene munawotchetsa kwa owotcherera zitsulo a m'mbali mwa msewu anayiyezera pa dothi, choncho mwendo umodzi kufupikirapo si zachilendo. Sofa kapena kabati sizidandaula ndi zimenezi. Galasi limadandaula.

Pali mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kupendekeka, pamene thanki yonse yaweramira mbali imodzi. Zimaoneka moipa, madzi amafika kukamwa mbali ina kwina kukadali mpata, koma ngati kusiyanako ndi mamilimita 2 kapena 3 pa thanki yotalika chonchi, ine sinditaya nako tulo. Vuto lachiwiri ndi kupotoka, pamene ngodya zitatu zakhala bwino koma yachinayi ili lende. Ili ndiye loopsa. Magalasi asanu a thanki amagwirana ndi silikoni basi. Ngodya imodzi ikasowa pokhazikika, kulemera kwa madzi kumapotokola thanki yonse, silikoni amakokeka tsiku lililonse, ndipo galasi silipindika ngati thabwa. Mwina silisweka tsiku loyambalo. Pakhoza kupita miyezi, kenako kadontho nkuyamba pa mlumikizo, kapena galasi lapansi nkung'ambika pakati pa usiku. Ganizirani malita 240 ali pabalaza pamene pali mawaya a pampu ndi a TV, ana akuyendapo opanda nsapato, nyumbanso ili ya lendi.

Ntchito iyambe thanki isanakwere pa sitandi. Ikani sitandi pamalo enieni pamene izikhala, chifukwa mukayisuntha pang'ono chabe zonse zasintha. Ikanikizeni ndi dzanja pa ngodya iliyonse. Ikagwedera, mwendo wina sukugunda pansi. Kenako bwerekani levulo kwa mmisiri womanga nyumba, muyigoneke pamwamba m'litali, mulifupi, ndiponso mopingasa kuchoka ngodya ina kufika ngodya yoyang'anizana nayo. Ambiri amaiwala kuyeza mopingasaku, chonsecho ndi kumene kumaulula kupotoka. Levulo ikasowa, kapaipi koonekera mkati kothiramo madzi, kamene amisiri amayezera maziko, kamagwira ntchito yomweyo.

Mukapeza mwendo wofupika, muuchirikize pansi. Apa ndiye ndimakangana ndi anzanga. Wina amapinda katoni, wina nyuzipepala, wina amadula silipasi yakale. Zonsezi zimafinyika, ndipo katoni ikanyowa ndi madzi okolopera yatha ntchito. Gwiritsani tizidutswa ta chitsulo chopyapyala kapena ta pulasitiki yolimba, totambalala kuposa phazi la mwendowo. Ngati sitandi ndi ya kabati yokhala pansi thupi lonse, musachirikize ngodya yokha nkusiya pakati pali mpata. Ikani tizidutswato motsatizana m'mbali monse mmene mwatukuka.

Musayerekeze kulowetsa chochirikiza pakati pa galasi ndi sitandi. Mukatero kulemera konse kumasonkhana pa kamalo kamodzi ka galasi. Pamenepo pamafunika thabwa losalala, ndipo ngati thanki ilibe felemu pansi, yalanipo sitairofomu wopyapyala, woyera uja amatchinjirizira mafiriji m'makatoni. Ntchito yake ndi kumeza timchenga ndi tizitupa ta thabwa. Sawongola sitandi yopotoka, ngakhale ogulitsa ena amanena choncho.

Amene simunawotchetse sitandi muli ndi mwayi. Muuzeni mmisiri awotcherere nati yaikulu kunsi kwa mwendo uliwonse, alowetsemo bawuti mutu wake uloze pansi, ndi nati yachiwiri yomangira. Mukatero mumangopotokola ndi sipanala mpaka levulo ivomere. Pansi pa bawuti aliyense ikani kachitsulo kafulati, apo ayi mutu wake udzaswa tailosi ya eni nyumba.

Tsopano kwezani thanki. Yesani kulowetsa pepala pansi pake kuzungulira konse. Pamene lalowa mosavuta pali mpata. Thirani madzi ongokwana masentimita 5, chifukwa madziwo ndiwo levulo yosanama, ndipo ndi tepi yezani kuchoka pamadzi kufika kukamwa kwa thanki pa ngodya zonse zinayi. Phatikizani manambala a ngodya ziwiri zoyang'anizana mopingasa, muchitenso chimodzimodzi ndi ziwiri zinazo. Mayankho akafanana, thanki yangopendekeka kapena ili bwino. Akasiyana, yapotoka. Chotsani madzi, konzani miyendo, yambiraninso. Inde nzotopetsa, koma kutunga madzi a masentimita 5 nkosavuta poyerekeza ndi thanki yodzaza. Ndipo thanki ya madzi sakankha kapena kuinyamula mbali imodzi kuti alowetse chochirikiza.

Zikakhala bwino, ikani miyala yaikulu mchenga usanalowe, poti mbuna zimakumba ndipo mwala wokhala pa mchenga ukhoza kugwera galasi. Dzazani mpaka theka, yezani, dzazani yonse, yezaninso. Pakatha sabata bwererani ndi tepi, chifukwa chitsulo ndi thabwa zimakhazikika zikasenza katundu. Amene mumakhala m'madera a dothi lamakande, limene limafufuma ndi mvula nkung'aluka m'chilimwe, yezaninso mvula ikayamba ndiponso ikatha. Manambala anayi aja alembeni ndi pensulo mkati mwa chitseko cha kabati pamodzi ndi tsiku lake, kuti mudzakhale ndi poyerekezera.