Chithunzi Sichinena Zonse

Pa tchuthi chapitachi ndinali kwa agogo anga ku Kawale. Tsiku lina akuyanika zovala za m'sutikesi, ndinaona chitenje chakale chokhala ndi nkhope ya Dr. Kamuzu Banda. Chitenjechi chinandikumbutsa zithunzi za ku Japan zimene ndinaona m'buku lina kuno ku seminale.

M'chaka cha 1894 dziko la Japan linachita nkhondo ndi China. Anthu otsala kumudzi ankaona nkhondoyo pa zithunzi zodinda ndi matabwa. Mmisiri woyamba ankajambula papepala. Wachiwiri ankasema chithunzicho pamatabwa, mtundu uliwonse wa utoto thabwa lakelake. Wachitatu ankapaka utoto n'kudinda mapepala ambirimbiri ndi manja, ndipo ankagulidwa motchipa ku Tokyo. Mmodzi wa amisiri otchuka anali Kobayashi Kiyochika.

Chodabwitsa n'chakuti amisiri ambiri sanapondeko kunkhondo, ankangomva za m'nyuzi. Asilikali a kwawo ankawajambula atavala mwaudongo ndi olimba mtima, pamene a ku China ankawaonetsa akuthawa chothawathawa. Mu November 1894 asilikali a Japan anapha anthu wamba ambiri atalanda mzinda wa Port Arthur, koma ogula zithunzi ankangoona ulemerero wa kupambana. Ntchito ya zithunzizo inali yoti anthu anyadire dziko lawo osafunsa mafunso.

Nditafunsa agogo za chitenje chija, anayamba aseka. Anati ankachivala pokavina pamaso pa Ngwazi ali mbumba, ndipo ankanyadira poona Lilongwe atasanduka likulu la dziko mu 1975. Kenaka anatsitsa mawu. Anandiuza za masiku amene ankasiya mwana akudwala chifukwa choopa kukana kupita ku gule, za makhadi a chipani amene ankafunsidwa pakhomo la msika, ndi za anthu otsekeredwa ku Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu. Zonsezi pa chitenjepo palibe.

Anzanga, kukonda dziko lathu n'kwabwino. Koma zitenje ndi malaya a zipani timaziona ndithu nthawi ya chisankho, ndipo pa foni pamadutsa zithunzi zosawerengeka. Tisanatengeke tizidzifunsa kuti: wadinda ndani, akufuna chiyani, nanga wabisa chiyani? Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.