Mandala ndi Njinga M'dzinja

Amayi anzanga a ku Diamphwe, inu amene mumavala mandala popalasa njinga kunka kumsika wa Mitundu kapena kusikelo ku Nathenje, vuto la m'dzinja mukulidziwa. Mvula ikangowaza, mandala achita nkhungu, njira osaonekanso, chonsecho mwana ali kumsana ndipo magalimoto akuthamanga pamsewu wa M1.

Nkhunguyi imadza pamene mpweya wofunda wa m'kamwa ndi thukuta zikumana ndi galasi lozizira. Tsono musanachoke pakhomo, viikani mandala m'madzi a sopo, muwasiye aume okha, kenaka muwapukute pang'ono ndi kansalu kofewa. Sopo wotsalirayo amaletsa timadontho kuundana pagalasi. Musafunde chitenje mpaka pamphuno, pakuti mpweya umakwera m'maso. Mandalawo muwatsitse pang'ono kuti mphepo izidutsa, ndipo muvale chipewa chotchinga mvula.

Akachitabe nkhungu, tsikani, muime pambali pa msewu. Musawapukute ndi chitenje chamatope, chifukwa mchenga umakanda galasi, ndipo mandala atsopano ndi odula. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kuchedwa kumsika kusiyana ndi kukagona m'chipatala.