Ndalama yachitsulo ya Kamuzu: mtengo uli pa maonekedwe, osati pa ukalamba

Pafupifupi benchi iliyonse pamsika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula ili ndi kachitini ka ndalama zachitsulo zomwe palibe akuzifuna. K10 yachitsulo lero siigula ngakhale chibiriti, ndipo kasitomala mukamupatsa ngati chenji amakubwezerani. Koma pomwe ndalama zatsopanozi zikukanidwa, mphekesera ya zakale ikukula: akuti amene ali ndi 20 tambala ya nkhope ya Kamuzu wagona pa chuma.

Zoona zake n'zakuti anthu otolera ndalama zakale alipo, ambiri kunja kwa dziko lino, ndipo amagula za Malawi. Chomwe amalipira kwenikweni ndi ndalama yosowa komanso yosaperepeseka. Kukhala yakale kokha sikokwanira.

Yambani mwadziwa chomwe muli nacho. Ndalama zoyamba za Malawi zidatuluka mu 1964, nthawi ya mapaundi ndi masheleni: sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri yokhala ndi njovu, ndi hafukolona. Kwacha itabwera mu 1971, chimanga chidapita pa 10 tambala ndipo njovu ndi mwana wake zidapita pa 20 tambala. Zonsezi zidapangidwa ndi kopa wosakaniza ndi nickel, chitsulo choyera chomwe sichichita dzimbiri msanga. Kuyambira 1989, za 5, 10 ndi 20 tambala zidayamba kupangidwa ndi chitsulo wamba chongokutidwa ndi nickel pamwamba.

Maginito a mu sipika ya wailesi yakufa akuuzani kusiyanaku: ya 1971 siimata, ya chitsulo chokutidwa imamata. Onaninso dzina la dziko, chifukwa pa zina W ali ndi kachizindikiro pamwamba pomwe pa zina alibe, ndipo otolera amaziwerenga ngati mitundu iwiri. Koma musayembekezere zambiri. Ndalamazi zidasulidwa mamiliyoni, ndipo yomwe idayenda m'manja zaka 20 imagulidwa motchipa kwambiri, nthawi zambiri pamulu.

Nkhani yagona pa giredi, monga zimakhalira pa thonje. Otolera amagwiritsa ntchito muyeso wa 1 mpaka 70, womwe adauyambitsa William Sheldon ku America mu 1949. Ndalama yoti chaka chikuvuta kuwerenga ili pansi penipeni. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi ndalama yomwe siinagulepo kanthu chichokereni kofulira. Makampani monga NGC ndi PCGS amayeza ndalama n'kuitsekera m'kapulasitiki, koma amalipiritsa madola, ndipo pa ndalama zathu zambiri mtengo woyezetsa ndi kutumiza umaposa wa ndalamayo.

Mukhoza kuyeza nokha mongoyerekeza. Imani pakhomo pomwe kuwala kukulowa cham'mbali, mugwire ndalama m'mphepete, musaike chala pankhope. Malo otukuka ndiwo amayamba kutha: tsitsi, khutu ndi tsaya la Kamuzu, khutu la njovu, njere za chimanga. Ngati njere zikuwerengeka imodziimodzi, ndalamayo ndi yabwino. Ngati chitsononkho changokhala see, yatha. Kenaka ipendeketseni pang'onopang'ono. Yatsopano imakhala ndi kuwala koyenda mozungulira ngati masipoko a njinga, ndipo kuwala kumeneku kukachoka sikubweranso.

Apa ndi pomwe ambiri amadziwonongera malonda. Munthu wapeza sheleni ya 1964 m'sutikesi ya agogo, waikwecha ndi phulusa, mchenga kapena ndimu kuti iwale ngati poto wa mkamwini. Wogula wodziwa amaona mikwingwirima yomweyo ndipo mtengo umagwa. Ndalama yakuda koma yosakwechedwa imaposa yonyezimira yokwechedwa. Isiyeni momwe ilili.

Kuno kuchigwa kulinso vuto la thukuta ndi chinyontho. Ndalama zokutidwa zija zimatha kuchita mawanga zikakhala m'thumba la mchere kapena zikamira m'madzi osefukira ngati a 2015 ndi a namondwe Freddy mu 2023. Yomwe mwaiona kuti ndi yabwino ikulungeni payokha m'kapepala kouma, isamagundane ndi zinzake m'chitini.

Abale omwe ali ku Joni akudziwa momwe mphekesera zotere zimathera. R5 ya nkhope ya Nelson Mandela ya 2008 idasulidwa yambirimbiri, koma anthu ankaisunga poganiza kuti adzagula nayo galimoto. Banki yaikulu ya dziko la South Africa yakhala ikunena kuti ndalama yoteroyo ikayenda m'manja mtengo wake ndi R5 basi, ndipo siigula pamtengo woposa apo.

Ndiye wina akakuimbirani kapena kukulemberani pa Facebook kuti ali ndi mzungu wofuna 20 tambala yanu pa mamiliyoni, koma mutumize kaye ya thiransipoti kapena yoyezetsera pa Mpamba kapena Airtel Money, dulani foni. Wogula weniweni amafunsa chaka, amapempha zithunzi za mbali zonse ziwiri, ndipo ndalama imachokera kwa iye kubwera kwa inu. Chimodzimodzi wokugulitsani ndalama yakale kuti mukapindule nayo ku Blantyre: mufunseni chifukwa chomwe iye mwini sakukwerera minibasi.

Za mameticais zomwe zimagwera m'chitini kwa ogulitsa a ku Marka ndi Nsanje Boma, zipatuleni padera. Izo sizifuna wotolera, chifukwa kutsidya kwa malire zikugulabe katundu, ndipo 10 meticais imodzi ikuposa kutali K10 yathu.