Galimoto zikunyezimirabe, eni ake akutha

Ku America kuli anthu omwe chisangalalo chawo n'kutenga galimoto yakalekale, kuichotsa chilichonse cholemera, kuiika injini yamphamvu, kenako n'kukapikisana kapena kungoonetsana ndi anzawo. Galimoto yotere amaitcha hot rod. Adayambitsa zimenezi adali anyamata opanda ndalama, koma lero pamisonkhano yawo pamachuluka mitu yaimvi.

Ine nkhaniyi ndidaidziwira m'magazini angapo a Hot Rod omwe adabwera m'katoni ya mabuku othandiza laibulale ya pasukulu yomwe ndimaphunzitsa. Ophunzira ankathamangira zithunzi za galimoto zofiira ndi zachikasu. Ine maso anga ankapita kwa madala okhala pamipando yopinda pambali pa galimotozo, ndipo ndidayamba kufufuza kuti anthuwa ndani.

Chiyambi chake ndi kummwera kwa California m'zaka za m'ma 1930, pomwe chuma cha dzikolo chidali chitalowa pansi. Mnyamata sakadakwanitsa kugula galimoto yatsopano, koma ankatha kutola Ford Model T kapena Model A yotha ntchito pamtengo wozizira. Ankachotsa madigadi, denga, mabampa, nthawi zina ngakhale galasi la kutsogolo, kuti ipepuke. Mu 1932 kampani ya Ford idatulutsa injini ya V8 ya masilinda 8 yomwe munthu wamba ankaikwanitsa, ndipo injini zimenezi zitayamba kupezeka kumalo ogulitsa zitsulo zakale, anyamata adazilowetsa m'tigalimoto tawo topepuka tija. Aliyense amene adaonapo amakaniko a ku Biwi kapena ku Ndirande akudzutsa galimoto yomwe mwini wake adaitaya kale sangavutike kumvetsa mtima umenewu.

Liwiro ankakaliyesa m'chipululu cha Mojave, pa nyanja zouma za Muroc ndi El Mirage, pomwe dothi lake n'losalala ngati bwalo la mpira. Mu 1937 timagulu ta anyamatawa tidagwirizana n'kukhazikitsa bungwe la Southern California Timing Association loti liziyeza liwiro ndi kuika malamulo. Mfundo imeneyi ya timagulu ndiyo ndikufuna tiigwire. Palibe ankachita izi yekha. Wina adali ndi makina owotcherera, wina ankadziwa kabuleta, wina adali ndi galimoto yokokera inzake kupita kuchipululu, ndipo galimoto zambiri za mpikisano zinkafunika kukankhidwa kuti zilire. Umphawi ndiwo udawamangirira pamodzi.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, ambiri adabwerako kuusilikali atadziwa kukonza injini za ndege. Mmodzi mwa iwo, Alex Xydias, adatsegula shopu ya So-Cal Speed Shop ku Burbank mu 1946. Iye ndi anzake ankatenga thanki ya mafuta yomwe inkamangiriridwa pansi pa ndege yankhondo ya P-38, n'kuiika matayala ndi injini, munthu n'kulowa mkatimo. Mu 1948 Robert Petersen adayambitsa magazini ya Hot Rod. Mu 1949 mipikisano ya hot rod idayamba kuchitikira pachigwa cha mchere cha Bonneville ku Utah. Koma anyamata ena ankapikisana m'misewu ya m'tauni usiku, moti apolisi ndi manyuzipepala ankawaona ngati zigawenga. N'chifukwa chake Wally Parks adakhazikitsa bungwe la National Hot Rod Association mu 1951, kuti mpikisano wothamanga mtunda wa mamita pafupifupi 400 uzichitikira pamalo otetezedwa.

Chodabwitsa n'chakuti kulira zakale kudayamba msanga. Mu 1973 George Lucas adatulutsa filimu ya American Graffiti, yofotokoza usiku umodzi wa achinyamata m'chaka cha 1962, momwe muli Ford ya 1932 yachikasu. Zaka 11 zokha zidali zitadutsa, koma anthu adaionera ngati akukumbuka dziko lomwe lidamira. Werengerani nokha: amene adali ndi zaka 18 mu 1962 lero wadutsa zaka 80. Amenewo ndiwo madala a pamipando aja.

Akuluakulu awo apita ambiri. Parks ndi Petersen onse adamwalira mu 2007. Xydias adamwalira mu 2024 ali ndi zaka 102, ndipo Gene Winfield, katswiri woumba ndi kupenta matupi a galimoto, adatsatira mu 2025. Magazini ya Street Rodder, yomwe idali ngati bwalo la madalawa, idaleka kusindikizidwa kumapeto kwa 2019. Ngakhale mchere wa ku Bonneville ukunka nupyapyala. Mu 2014 ndi 2015 mpikisano waukulu wa pachaka udalephereka chifukwa cha madzi ndi kuwonongeka kwa bwalolo.

Thupi nalo limakana. Hot rod yeniyeni ndi yopanikiza, denga lake amalidula kuti litsike, chiwongolero n'cholimba, kalachi imafuna mwendo wa mnyamata. Bambo wa zaka 78 wa mawondo otupa amavutika ngakhale kulowamo. Ndiye ambiri adaikamo magiya osintha okha, chiwongolero chofewa ndi makina oziziritsira, zinthu zomwe iwo eni akadaseka nazo mnzawo mu 1960. Ena saiyendetsanso mtunda wautali. Amainyamula pangolo mpaka kumsonkhano monga wa Street Rod Nationals ku Louisville, kuitsitsa, kuipukuta, n'kukhala pansi.

M'kuona kwanga, chomwe madalawa amapitira kumeneko si galimoto kwenikweni. Galimotoyo adaiona kale miyandamiyanda. Mwamuna sauza mwamuna mnzake kuti wamusowa, kaya ku California kaya kwathu kuno. Amamuimbira foni kuti injini ikutsokomola, abwere adzaimvere. Onse awiri amadziwa kuti vutolo mwini wake akadalikonza yekha m'mphindi khumi, koma tsiku limatha ali m'galaja, akukambirana za mpikisano wina womwe aliyense amati adapambana ndi iye. Akapuma pantchito, ana atabalalika, mwina mayi wa kunyumba atatsogola, chitsulo chija ndicho chimatsala ngati chifukwa chotulukira m'nyumba.

Komabe sindiwamvera chisoni pa zonse. Amadandaula kuti achinyamata alibe chidwi, chikhalirecho iwo omwe ndiwo adakweza mitengo. Atapeza ndalama muukulu wawo adayamba kulimbirana galimoto za ubwana wawo, mpaka Ford ya 1932 yeniyeni, yomwe kale inkatoledwa kudzala, idasanduka katundu wa anthu olemera. Pali makampani omwe tsopano amaumba matupi atsopano otengera ya 1932 chifukwa akale adasowa. Mnyamata wa lero angalowe bwanji pamenepo? Iye amagula Honda kapena Nissan yakale, n'kuiwonjezera mphamvu ndi kompyuta, ndipo madala ena amamunyogodola monga momwe makolo awo ankawanyogodolera iwo. Achinyamata ena adayankha pomanga zomwe amazitcha rat rod, galimoto zadzimbiri, zosapenta, zolumikizalumikiza. Ine ndikuona kuti amenewa ndiwo ali pafupi ndi anyamata a ku Muroc kuposa galimoto yonyezimira yobwera pangolo.

Nkhani imadzafika povuta mmodzi akamwalira. Kawirikawiri m'galaja mumatsala galimoto yosatha, zitsulo zili m'makatoni, zina zopanda dzina. Ana sadziwa kuti kachitsulo kooneka ngati chinyalala kangagule njinga yamoto, ndipo ogula ochenjera sachedwa kufika pakhomo la namfedwa. Apa anzake a malemu ndiwo amabwera kudzaika mitengo yoyenera, kufunafuna wogula amene sadzaiphwasula, kapena kusonkha manja n'kuimaliza galimotoyo kuti mayi wamasiye ayimve ikulira ngakhale kamodzi. Pamaliro ena hot rod zimandandana kumbuyo kwa bokosi mpaka kumanda, zikuyenda pang'onopang'ono, liwiro lomwe injini zotere sizilikonda chifukwa zimatentha msanga. Ina ikazima panjira, madala amatsika ndi masuti awo n'kuyamba kukankha.